M'holo Kapena Kunja: Achinyamata Aphunzire Kuti za Mlengi?

M'holo ya tchalitchi achinyamata amamva mfundo za intelligent design (ganizo loti zamoyo zimaonetsa kuti wina wanzeru anazikonza), monga ya wasayansi Michael Behe yoti kamchira komwe bakiteriya amasambirira sikangagwire ntchito mbali imodzi itachotsedwa. Zimanola maganizo, koma asayansi ambiri amatsutsa mfundoyi, ndipo achinyamata auzidwe zimenezo poyera.

Ine mtima wanga uli kunja. Bowolani pang'ono chulu, mudzaona chiswe chikumata pobowokapo ndi dothi lonyowa. Ku Cape Maclear mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa, osadya kwa masabata, mpaka ana atatha kusambira okha. Pamenepo Yobu 12:7-8, yomwe imati nyama, mbalame, dziko ndi nsomba zidzakuphunzitsa, imamveka popanda wolalikira, ndipo ngakhale wamanyazi amafunsa mafunso. Chovuta ndi ndalama ya thiransipoti, komanso pamafunika mtsogoleri wodziwadi zachilengedwe, kuti asamangopeka mayankho.