Ndemanga ya kamaikulosikopu kopanira pa foni, nditakayesa pa ntchentche zoyera

Ndakapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimachulukitsa mbewu ya chinangwa kuno ku Nkhotakota, makamaka Manyokola ndi Sauti. Anthu amene amadzagula mitengo kwa ine amafuna kumva kuti m'munda mulibe khate kapena matenda aja owoletsa chinangwa m'kati. Matenda onse awiriwa amayenda ndi mitengo yodwala komanso ndi ntchentche zoyera, ndiye kutembenuza masamba ndi ntchito yanga ya mlungu ndi mlungu. Ndicho chinandiguliritsa kachipangizo aka: kagalasi kokhala ndi chopanira pa kamera ya foni, tinyali ta LED m'mbali mwake, pabokosi atalemba kuti kamakulitsa chinthu ka 60. Ndakagwiritsa ntchito dzinja lonse mpaka kulowa m'chilimwe chino.

Poyamba ndinene kwa amene akufuna kukagula kuti azionera ntchentche zouluka zija: musavutike. Mukangogunda tsamba zabalalika, ndipo ngakhale mutaigwira imodzi, ntchentche zazikulu za mitundu yambiri zimafanana kwambiri, zonse mbuu ndi phula. Akatswiri enieniwo sadalira zazikulu potchula mtundu. Amadalira ana ake. Dzira likaswa, kamwana kamayenda pang'ono pa tsamba, kenako kamabaya kamlomo kake m'tsambamo n'kukhazikika pomwepo osasunthanso. Kamafundula mpaka kufika pa msinkhu wachinayi, pamene kamaoneka ngati kachikwa, ndipo pa kachikwa kameneka ndi pamene pali zizindikiro zosiyanitsa mitundu. Pa chinangwa zazikulu zimakonda masamba anthete a kunsonga, koma tizikwa muzitifuna kunsi kwa masamba okhwima a m'munsi, chifukwa mtengo umakhala utakula pamene anawo akukula.

Apa ndiye kamaikulosikopu kamagwiradi ntchito. Ndi maso okha kachikwa ka Bemisia, ntchentche yoyera ya pa chinangwa, ndi kadontho kachikasu kosafika milimita imodzi. Pa foni kamadzaza sikirini: kobulungira motalikirako, kosongoka pang'ono kumbuyo, m'mbali mwake mopendekeka mpaka kumatirira pa tsamba, ndipo kakatsala pang'ono kutuluka maso ake awiri ofiira amaoneka bwinobwino kudzera pa khungu. Palibe phula lolendewera, kamangonyezimira. Nditapita kwa alamu anga ku Dedza ndinayang'ana tomato wawo wa m'shedi yapulasitiki, ndipo zimene ndinaona zinali zina ndithu. Tizikwa take ndi toyererako, totukuka, m'mbali mowongoka ngati kachitini ka nsomba, tili ndi mphonje ya phula kuzungulira ndi timaulusi titalititali totuluka pamsana. Amenewo ndi maonekedwe a Trialeurodes vaporariorum, mtundu umene umakonda malo ozizirirako. Alamu ankangoti zonsezi ndi ntchentche zoyera basi, koma zithunzi ziwirizo titaziika pamodzi anasiyanitsa okha popanda kuwauza.

Ntchentche zoyera za pa mandimu ndi manachesi sizivuta kuzindikira. Aleurothrixus floccosus amadzikuta ndi ubweya wa phula wopotanapotana, wonyowa ndi timadzi tomata timene pamamera nkhungu yakuda ija. Ubwino wa galasi apa ndi wakuti mumatha kuona kachikwa kenikeniko pansi pa ubweyawo, ndiye simusokoneza ndi kodikodi, amene ali ndi miyendo ndipo amayenda. Palinso Aleurodicus dispersus, wochokera ku Central America, amene anafika ku Nigeria cha mu 1992. Ameneyo amadziulula yekha chifukwa amaikira mazira mozungulirazungulira kunsi kwa tsamba.

Chimene chandipindulitsa koposa zonse, ndipo sindinkachiyembekezera pogula, ndi makoko otsala. Ntchentche ikatuluka bwinobwino imang'amba khoko lake pamsana mwa chilembo T. Koma pali timavu ting'onoting'ono, Encarsia ndi Eretmocerus, timene timaikira mazira m'thupi mwa anawa kapena pansi pake, ndipo kamavu kakakula kamaboola kabowo kozungulira bwino n'kutuluka. Kachikwa kogwidwa kamasinthanso mtundu, kena kumada. Ndi kamaikulosikopu aka ndimawerenga pa tsamba limodzi kuti a T ndi angati, a kabowo ndi angati. Ndikaona timabowo tachuluka, ndimadziwa kuti m'munda muli ondithandiza kale, ndipo mankhwala ndimayamba ndawaika pambali, chifukwa akapopera amapha timavuto msanga kuposa ana a ntchentche amene abisala kunsi kwa tsamba. Alimi ambiri amene ndawaonetsa chithunzi cha kabowo kameneka sankadziwa n'komwe kuti m'munda mwawo muli zoterezi. Pa chifukwa chokhachi ndalama yanga inabwerera.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri, china cha kapangidwe, china cha malire a galasilo.

Chopanira chake anachipangira mafoni a kamera imodzi. Pa foni ya makamera atatu chimaterereka, ndipo mumataya nthawi kufunafuna diso loyenera. Malo amene chithunzi chimaoneka bwino ndi opyapyala kwambiri, moti dzanja likanjenjemera pang'ono kapena mwera ukawomba kuchokera kunyanja, zonse zachita chimbuuzi. Ine ndimathothola tsamba, kudula kachidutswa, kukaika pa kope pamthunzi, kenako n'kutsamiritsa foni. Tinyali take timathwanima pa phula mpaka kubisa zimene mukufuna kuona. Nthawi zambiri ndimatizimitsa kuti kuwala kwa dzuwa kulowere chammbali. Mabatire ndi aja ang'onoang'ono a muwotchi, ndipo pa msika wathu sapezeka kawirikawiri. Kukulitsa chithunzi ndi zala pa sikirini sikuwonjezera kanthu, kumangofufutitsa. Ndipo mukamatumiza kwa alangizi pa WhatsApp, tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa, tiubweya tonse n'kusowa.

Malire a galasi ndiye nkhani yaikulu kwa ife a chinangwa. M'minda ya kuno mumakhala ma Bemisia awiri, tabaci ndi afer, ndipo amene anatsimikiziridwa kuti amafalitsa khate ndi matenda owoletsa aja ndi tabaci. Kuwasiyanitsa kumafuna kuona kabowo ka makona atatu ka kumbuyo kwa kachikwa, kotchedwa vasiform orifice, pamodzi ndi tiubweya tiwiri ta kumchira. Pa tabaci tiubweyato ndi tolimba, totalika mofanana ndi kabowoko kapena kupitirira, m'mbali mwa kabowo ndi mowongoka, ndipo kabowoko kali pafupi ndi kumapeto kwa thupi. Pa afer tiubweya ndi tatifupi, nthawi zambiri tosafika theka la kabowo, m'mbali mwa kabowo ndi mokhotera m'kati, ndipo kamakhala patali ndi kumapeto. Pokulitsa ka 60, kabowoko kamangooneka ngati kamthunzi. Tsiku lowala bwino tiubweya ta tabaci ndimationa, koma ndikapanda kutiona sindinganene kuti ndi afer, chifukwa mwina n'kuwala chabe kwandilaka. Ku labotale amayamba anyika khokolo mu mankhwala otchedwa potassium hydroxide kuti liyere, kulipaka utoto, kuliika pa kagalasi, ndiyeno kuliona pa maikulosikopu yaikulu yokulitsa mazanamazana.

Chenjezo lina kwa amene angayambe kutchula mayina msanga: Bemisia tabaci amasintha maonekedwe malinga ndi tsamba limene wakulirapo. Pa tsamba losalala la chinangwa kachikwa kamakhala kosalala. Pa tsamba laubweya, monga la fodya kapena biringanya, kamakhala ndi tiubweya titalitali pamsana ndipo m'mbali mwake mumakhala mokhotakhota potsatira ubweya wa tsambalo. Kuchokera pamene katswiri wina dzina lake Gennadius anamulemba koyamba pa fodya ku Greece mu 1889, ntchentche yomweyi inapatsidwa mayina ambirimbiri chifukwa cha kusinthaku, mpaka akatswiri anadzawaphatikiza. Lero zadziwikanso kuti pansi pa dzina limodzili pali mitundu yoposa 30 yofanana ndendende pa maso, ndipo gulu limene limakonda chinangwa kuno ku Africa, monga lotchedwa SSA1, limadziwika poyeza DNA basi. Palibe galasi la pa foni lingakuuzeni zimenezo, ndipo wogulitsa amene angakulonjezeni kutero musamukhulupirire.

Alangizi, alimi achitsanzo, ochulukitsa mbewu ndi ophunzira za ulimi, kaguleni. Kusiyanitsa Bemisia, Trialeurodes ndi wa ubweya uja mudzakwanitsa, ndipo timavu tothandiza mudzationa. Pofuna dzina lenileni, panikizani tsamba lokhala ndi tizikwa pakati pa nyuzipepala kuti liume, lembani malo, tsiku ndi mbewu, mupereke kwa a kafukufuku monga a ku Chitedze kudzera mwa alangizi a m'dera lanu. Kwa opanga kachipangizoka pempho langa ndi lakuti aziikamo kalula kakang'ono ka mamilimita kooneka pa chithunzi, chifukwa tizikwa ta afer timakhala tokulirapo kuposa ta tabaci, ndipo pakadali pano ndilibe poyezera.