Mac ya m'bokosi la kaunjika: zimene ndaona kuno ku Joni

Abale anga kumudzi, makamaka inu anyamata ojambula maukwati ndi inu okonza makompyuta ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu ndi ku Mzuzu, funso lija loti kodi kompyuta wamba ingasanduke Mac lachuluka ndiye ndati ndiliyankhe kamodzin'kamodzi. Inde, n'zotheka kuyendetsa macOS, pulogalamu yaikulu ya makompyuta a Apple, pa kompyuta wamba yolumikiza wekha, ngakhale yakale. Ndikulemba panopa ndili pa yoteroyo. Bokosi lake ndi lachitsulo chakuda, lokalikakalika m'mbali, chizindikiro cha apulo palibe paliponse, koma ukaliyatsa zobwera pa sikirini ndi za Mac. Eni ntchitoyi amaitcha Hackintosh.

Mkati mwa sabata ndimagwira m'shopu yokonza mafoni ndi makompyuta. Loweruka ndi Lamlungu ndimajambula: maukwati a Amalawi, zinkhoswe, misonkhano ya mipingo yathu m'maholo obwereka, pena mwambo wotsanzikana ndi thupi lisananyamuke ulendo wautali wobwera kumudziko. Mavidiyo ndinkakonzera pa Windows ndipo sindinkadandaula. Chinandikokera ku Mac ndi ganyu. Situdiyo ina inkapereka ntchito yodula mavidiyo kwa anthu apadera, koma onse kumeneko amagwiritsa Final Cut Pro, pulogalamu yosayenda pena paliponse koma pa makina a Apple. Akupatsa ntchito mu Final Cut, uibwezenso mu Final Cut. Nditafunsa mtengo wa Mac m'sitolo ndinangothokoza n'kutuluka. Lendi, fizi ya ana ndi ya feteleza kumudzi zinali zitaima kale pamzere.

Khomo limeneli anatsegula ndi a Apple eni ake, mosafuna. Mu 2005 Steve Jobs analengeza kuti makompyuta awo asiya mapurosesa a PowerPC ayambe a Intel, ndipo kumayambiriro kwa 2006 ma Mac oyamba otero anatuluka. Kuchokera pamenepo zam'kati mwa Mac ndi zam'kati mwa PC zinafanana kwambiri, anthu okonda kusegula zinthu n'kuyamba kuyesa. Koma chilolezo cha macOS chimanena poyera kuti iikidwe pa makina a Apple okha. Kampani ina ya ku Florida, Psystar, inayamba kugulitsa makompyuta otere mu 2008. Apple inaisumira, ndipo pofika kumapeto kwa 2009 khoti linali litailetsa. Ndiye amene mukuganiza zoyala tebulo pamsika n'kumaitanira “ma Mac otchipa”, lichotseni ganizo limenelo. Ngakhale woika m'chipinda mwake yekha, chilolezocho wachiphwanya ndithu, tisanamizane.

Chimene ambiri samvetsa n'chakuti apa mphamvu za kompyuta sizilamula. macOS imadziwa zida zokhazo zimene Apple inaikapo m'makina ake, kapena abale a zidazo. Ili ngati mwana wa m'tauni amene wabwera kwa agogo ake ku Nkhata Bay: kondowole aphikidwe bwino chotani, iye angoyang'ana kumbali. N'chifukwa chake zida zakale kawirikawiri zimamvana nayo kuposa zatsopano zodula.

Yanga ili ndi purosesa ya Core i7-4790 ya mu 2014, bodi ya Gigabyte ya B85, RAM ya DDR3 yokwana 16 GB ndi SSD wamba. Zonse n'za kaunjika. Maofesi kuno amataya makompyuta a zaka zimenezo mochuluka, ndipo amathera pa Gumtree, pa Facebook Marketplace ndi m'mashopu ngati yathu. Pogula purosesa, yang'anani nambala yoyamba ikangotha kamzere: pa 4790 pali 4, ndiye m'badwo wachinayi, pa i5-3470 pali 3, wachitatu. Kusiyana kwa awiriwa pa Windows sungakuone kwenikweni, koma kuno n'kwakukulu. macOS imatuluka yatsopano ndi dzina lake chaka chilichonse, ndipo kuyambira Ventura ya 2022 pamafunika purosesa yodziwa malangizo otchedwa AVX2, ndipo Intel inayamba kuwaika mu m'badwo wachinayi, mu 2013. Wachitatu umayenda bwino mpaka Monterey ya 2021. Kupitirira apo ndi zigamba pamwamba pa zigamba.

Pamene anthu amatayira ndalama zambiri ndi pa khadi la zithunzi. Aliyense kumudziko amatamanda NVIDIA, ndipo pa magemu akunena zoona. Pa macOS ayi. Kuyambira Mojave ya 2018, makhadi monga GTX 1050 Ti ndi GTX 1060 alibe madalaivala. Ukaumirira, chithunzi chimabwera koma chimakoka miyendo moti kusuntha windo kokha umatopa. Akale ena monga GT 710 ndi GTX 760 anafika nayo mpaka Big Sur ya 2020 basi. Zithunzi za m'purosesa momwemo, Intel HD 4600, zimathera pa Monterey. Khadi lomvana nayo popanda mkangano ndi la AMD, RX 570 kapena RX 580, chifukwa ma iMac a 2017 anali ndi a mtundu womwewo. Mwayi wake, anthu okumba ndalama za pa intaneti zotchedwa Ethereum anali nawo milumilu, ndipo kukumbako kutatha mu September 2022 anawatsanulira pamsika motchipa.

Pomwepo palinso msampha. Pali khadi lolembedwa RX 580 2048SP, lopangidwira msika wa ku China, limene ladzaza m'masitolo a pa intaneti. Bokosi lokongola, mafani awiri, pa Windows limagwira bwinobwino. macOS siilizindikira. Mnyamata wina wa ku Balaka anabwera nalo kushopu atalipira ndalama za mlungu wathunthu, akudabwa chifukwa chake sikirini ikungokhala bii. Tinaliika pa kompyuta ya Windows n'kutsegula GPU-Z, kapulogalamu koonetsa zam'kati mwa khadi. Pamene RX 580 yeniyeni imaonetsa 2304, lake linaonetsa 2048. Anangoti kukamwa yasa. Njira yolisinthira BIOS yake, kapulogalamu kokhala m'chidacho momwemo, ilipo, koma ukaphonya pang'ono khadi lafa. Musagule musanaone nambala imeneyo. Komanso RX 580 imadya mawati pafupifupi 185 ndipo imafuna waya wakewake wa mapini 8 kuchokera ku power supply. Timabokosi topyapyala ta m'maofesi tija tilibe waya umenewo, ndipo khadilo sililowamo n'komwe.

Zida zikakwana, ntchito yotsala ili pa fulashi. Pamakhala kapulogalamu kotchedwa OpenCore, kamene kamayamba kudzuka kompyuta ikayatsidwa n'kunamiza macOS kuti ili mu iMac kapena mu Mac Pro. Kale anthu ankagwiritsa Chameleon, kenako Clover; kuyambira cha mu 2019 ambiri anasamukira ku OpenCore, ndipo malangizo a gulu la Dortania ndi amene tonse timatsata. M'foda ya EFI, momwe OpenCore imakhala pa fulashipo, umaikamo timadalaivala totchedwa makekisiti: Lilu, amene enawo amatsamira, VirtualSMC, woyerekeza katchipu kamene kamapezeka mu Mac yeniyeni yokha, WhateverGreen wa zithunzi, AppleALC wa mawu, ndi wina wa netiweki ya waya molingana ndi bodi yako. Zonsezi zimalembedwa mu fayilo imodzi, config.plist. Mu BIOS uzimitse Secure Boot ndi CSM, SATA ikhale pa AHCI, XHCI Hand-off iyatsidwe.

Kulemba chonchi zikuoneka ngati za ola limodzi. Ine ndinachita m'nyengo yozizira, June wa kuno amene amalowa mpaka m'mafupa, nditafunda bulangeti, hita ili pamapazi ikumwa mayunitsi. Umaika “-v” m'malangizo oyambira kuti m'malo mwa apulo uziona zimene makina akuchita. Malemba oyera amathamanga pa sikirini yakuda, kuthamanga, kuthamanga, kenako zii. Umatenga foni, kujambula mizere yomalizayo, kufufuza tanthauzo lake, kuzula fulashi, kuiika pa laputopu, kusintha chinthu chimodzi chokha, kubwezeranso. Ukasintha ziwiri nthawi imodzi sudziwa chimene chathandiza kapena chaononga. Pena malembawo amasweka n'kubwera kabwalo kodulidwa pakati, kusonyeza kuti yataya fulashi imene imawerengayo. Ukasamutsira pa doko lina la USB kumbuyo kwa bokosi, imapitirira. Mnzanga amene timagawana chipinda amadzuka mbandakucha kupita kukagwira m'magadeni a kumpoto kwa mzinda. Usiku wina anatulutsa mutu m'bulangeti nati, “Achimwene, kodi chimenechi chiyaka chaka chino, kapena tidikire boma lina?”

Anthu ambiri amathawa ntchito imeneyi potenga foda ya EFI ya munthu wina. Ine sindilimbikitsa. Bodi zofanana dzina zimasiyana tchipu ya mawu kapena ya netiweki, ndipo tsiku limene yavuta sudziwa poyambira chifukwa sunaimange ndiwe. M'fodamo mumakhalanso nambala ya siriyo yopeka. Anthu ambirimbiri akalowa pa iCloud ndi nambala imodzi, akaunti ikhoza kutsekedwa.

Ikayaka, nkhani siinathe. Mawu amakhala kulibe mpaka utapeza nambala ya alcid, youza AppleALC mmene mawu ayendere, yoyenera tchipu yako, ndipo umaipeza poyesa imodziimodzi. Madoko a USB macOS imawerenga 15 okha pa tchipu iliyonse yowayendetsa, ndipo doko limodzi la buluu limawerengedwa kawiri, ndiye umayenera kulemba mapu osonyeza amene ukufuna. Wi-Fi ndiye ya mutu wake: makhadi a Broadcom amene ankagwira ngati obadwira momwemo anasiyidwa mu Sonoma ya 2023. Ine ndinakoka waya kuchokera ku rauta, nkhani n'kutha. Pa kiyibodi, batani la Windows limasanduka Command, ndipo zala zimatenga nthawi kuti zileke kuthamangira ku Ctrl. Ngati mwasunga Windows pa disiki ina, mukabwererako mupeza wotchi yatsalira maola awiri, chifukwa macOS imasunga nthawi ya ku Greenwich m'bodi pamene Windows imayesa kuti ndi nthawi ya kwanu. Joni ndi Malawi nthawi ndi imodzi, ndiye inunso mudzaona maola awiri omwewo.

China chimene chimachititsa manyazi pamaso pa kasitomala ndi madisiki. Mayi wina wa Mvano anabwera ndi disiki yake kuti ndimuikire vidiyo ya msonkhano, basi yopita kumudzi inyamuka mawa lake. Disiki ikutseguka, zithunzi za adzukulu ake zikuoneka, koma kuikamo kanthu ikukana. Inali ya NTFS, imene macOS imawerenga koma siilembamo. “Bambo, kodi ndalakwitsa pogula?” Sanalakwitse. Ndinazimitsa, kulowa ku Windows, n'kumukopera kumeneko. Madisiki anga onse a ntchito ali pa exFAT, imene mbali zonse ziwiri zimaimva.

Kodi imagwira ntchito? Kwambiri. Final Cut pa RX 580 imadula vidiyo ya 1080p mosadodoma, ya 4K imatheka ukapanga makope opepuka odulira. Ganyu uja ndinamupeza ndipo bokosili linabweza ndalama zake kalekale. Koma lili ndi malamulo ake. Uthenga wa update ukabwera, sindiukhudza mlungu umene ndili ndi ukwati wa munthu m'manja. Ndimayamba ndakonzanso OpenCore ndi makekisiti, ndipo m'kabati muli fulashi yosungira EFI imene ndikudziwa kuti imayaka.

Tsono za kumudziko, mpamene ndimakayika. Kukopera macOS kokha ndi pafupifupi 12 GB, ndipo netiweki ikaduka pakati umayambiranso. Inu mukudziwa mtengo wa bandulo kuposa ine. Magetsi nawonso. Kuthimathima kwa mu 2022 ndi 2023 kunatiphunzitsa ife a kuno zimene inu munazolowera kale, ndipo kompyuta ya bokosi ilibe batire. Werengani nokha: purosesa yanga imafika mawati 84, khadi 185, sikirini isanalowepo. Mac mini ya M1, kakompyuta kakang'ono ka Apple, ikalimbikira kwambiri siipitirira mawati 39. Kwa munthu wodalira sola ndi invata, kusiyana kumeneko ndi mabatire a ndalama zambiri. Ndipo khadi likafa ku Mchinji, lina la mtundu womwewo simulipeza pa gulosale. Mudikira wa thiransipoti adutse nalo Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ngati mukutumiza bokosi lathunthu pamsewu umenewo, zulani khadilo mulikulunge m'zovala palokha, chifukwa mabampu amathyola polowera pake.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti khomo lija likutsekedwa. Mu 2020 Apple inayamba kuika matchipu akeake m'ma Mac, kuyambira M1, ndipo mu June 2025 inanena kuti macOS Tahoe ndiyo yomaliza kuyenda pa Intel. Ikadzasiya kulandira zokonza za chitetezo, Hackintosh iliyonse idzakhala yongokalamba, mapulogalamu atsopano akuikana mmodzimmodzi. Ngakhale pano, zina zatsopano monga Apple Intelligence sizibwera pa Intel.

Ndiye ngati zida zoyenera muli nazo kale pakona ndipo mukufuna kuphunzira Final Cut, Logic Pro ya nyimbo kapena Xcode yolembera mapulogalamu, yesani. Mudzatulukamo mukudziwa BIOS ndi madalaivala kuposa amene anakhala m'kalasi. Tsegulani CPU-Z ndi GPU-Z muone mayina enieni a zida zanu musanagule kanthu, osati “yanga ndi Dell yakuda”. Ngati cholinga n'kungodula mavidiyo a maukwati, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, imayenda pa Windows, ndipo NVIDIA yanu ija imaikonda. Inu okonza makompyuta, ndalama ili kwina pafupi: OpenCore Legacy Patcher, yochokera ku gulu lomwe lija la Dortania, imadzutsa ma MacBook enieni a 2012 kapena 2015 amene Apple inawasiya, ndipo ambiri a amenewo ali m'madilowa a anthu ku Area 47 ndi ku Namiwawa, eni ake akuyesa kuti anatha.

Ineyo ndikusunga pang'onopang'ono ya Mac mini. Ya M4 inatuluka mu 2024 pa madola 599 ku America, ndipo zimenezi zatsitsa mtengo wa ma M1 ogwiritsidwapo kale ntchito kuno. Ndikaipeza, bokosi lakudali ndilitumiza kwa mphwanga amene ali ku koleji, koma lidzafika lili ndi Windows.