Kujambula ku Joni popanda pepala la mgwirizano kunandiliza

Achinyamata ambiri a ku Ulongwé ndi ku Dómuè mwakhala mukunditumizira zojambula zanu pa WhatsApp n'kumafunsa ngati luso limeneli lingakudyetseni mutabwera kuno ku Johannesburg. Ndikuyankhani nonse pamodzi, chifukwa inenso ndinanyamuka ndi maganizo omwewo, mayi anga atagulitsa mbatatesi za chaka chonse kuti ndigule kompyuta yakale ndi thabuleti yojambulira.

Ntchito yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mkhalapakati wina amene ankafuna munthu wojambula anthu a m'nkhani ya buku la ana. Tinapangana pakamwa kuti ndijambule anthu 6, aliyense kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, komanso nkhope yake akamaseka, akakwiya ndi akamalira, malipiro ake 6,000 rand. Sitinanene kuti adzandibwezera ntchitoyo kangati kuti ndikonze. Kamtsikana kamodzi kokha ndinakajambula maulendo 11, lero tsitsi latalika, mawa nsapato zisinthe mtundu, mkuja mphuno yakula, mpaka ntchito ya masabata awiri inadya miyezi iwiri lendi ikundidikira. Pomaliza anati nditumize mafayilo enieni, aja okhala ndi ma layer onse (zigawo zosanjikizana za chithunzi zimene zimasinthika chilichonse pachokha), kuti akaone ngati angasindikizike bwino, ndipo ndinatumiza. Atalandira anadula 1,500 rand ati ndi yake yondipezera ntchito, chinthu chimene sanachitchule pachiyambi, n'kundipatsa 2,000 yokha. Yotsalayo, 2,500 rand, mpaka lero sindinaione, ndipo foni yake inasiya kuyankhidwa. Ndinalibe kokadandaula, poti masiku 30 amene ife a ku Mozambique timapatsidwa polowa m'dziko lino ndi a mlendo, si chilolezo chogwirira ntchito, ndipo iye ankadziwa bwino zimenezo.

Makasitomala a pa intaneti olipira madola nawonso musawaone ngati chipulumutso. Chithunzi china ndinachita kulipidwa madola 100, amene kwathu akanakhala pafupifupi 6,400 meticais. Amene anandilumikiza ndi kasitomalayo anadulapo gawo lawo, posintha ndalama anandipatsa mtengo wotsika kuposa umene ankalengeza, ndipo potumiza kumudzi anadulanso, moti mayi anga ku Ulongwé analandira 4,700 meticais. Musanatchule mtengo, werengerani zonsezi pamodzi ndi intaneti ndi magetsi, apo ayi mudzagwira ganyu yolemeretsa ena.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandichitira chilungamo, mayi wina wa kashopu kosindikizira zinthu. Nditamuonetsa zithunzi zanga anatenga pepala n'kulemba ndi dzanja lake chiwerengero cha zithunzi, tsiku loperekera, ndi kuti kukonza n'kawiri kokha, kachitatu n'kolipiritsa. Anandipatsa theka la ndalama ndisanagwire cholembera, ndipo ndi iye amene anandiuza kuti zosindikiza zimafuna 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) ndi mitundu ya CMYK (mitundu inayi ya inki ya makina osindikizira), nditataya kale masiku ambiri ndikujambula zooneka bwino pa foni pokha. Anandifunsanso ngati ndikugulitsa chithunzicho kuti achigwiritse ntchito kamodzi kapena umwini wake wonse, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana. Funso limenelo palibe wina anandifunsapo.

Tsono aphwanga, lekani kulota kuti kuwoloka malire kudzakusandutsani akatswiri. Amene sanagulitsepo chithunzi ngakhale chimodzi kwa mwini sitolo wa ku Tete kapena ku Moatize, asaganize kuti Joni idzamugula, chifukwa kuno ojambula ndi ambiri ndipo ena amalolera mitengo ya njala. Musagulitse ng'ombe ya bambo anu pofuna mapulogalamu odula pamene pulogalamu yojambulira ya Krita ndi yaulere. Musavomere kujambula chithunzi chonse chaulere ati n'choyesera luso lanu, muwaonetse zimene munajambula kale. Potumiza ntchito yoti aione, tumizani chithunzi chaching'ono chokhala ndi dzina lanu pakati pake, ndipo mafayilo enieni akhale m'kompyuta mwanu kufikira ndalama yomaliza italowa. Kasitomala wokana kupereka theka poyamba musamunyengerere, msiyeni apite, ngakhale m'nyumba mulibe ufa tsiku limenelo.