Sitima yapamadzi ya Helsinki (Finland) kupita Tallinn (Estonia), kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo: nyenyezi 4 pa 5

Ndaupatsa nyenyezi 4 ulendowu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha zomwe tinaona pobwerera usiku, ndifotokoza pansipa. Kwa inu ofuna yankho lachidule, pitani ndithu, ndalama yake siyopweteka mtima, koma gulani tikiti ya sitima yonyamuka m'mawa kwambiri ndipo musataye ndalama zambiri pa zinthu zamusitimamo. Zokoma zili ku Tallinn, sitimayo ntchito yake ndikukuwolotsani basi.

Ine ndimakhala ku Espoo, pafupi ndi Helsinki, ndiye achemwali anga atabwera kudzationa kuchokera ku Lilongwe mu July ndinati asabwerere ataona dziko limodzi lokha pomwe lina lili tsidya lomweli, mtunda wake makilomita ngati 80 basi kudutsa Gulf of Finland. Nkhawa yawo inali ya viza, chifukwa anawapatsa ya single entry ndiye ankaopa kuti akatuluka mu Finland sawalolanso kulowa. Izi musadandaule nazo. Finland ndi Estonia onse ali mu Schengen, dera la maiko a ku Ulaya oyendera viza imodzi (Estonia inalowa mu 2007), ndiye kuwoloka apa sikutuluka m'dera la viza yanu. Koma pasipoti nyamulani, kapena khadi la residence permit kwa ife okhala konkuno, chifukwa atha kukufunsani nthawi ina iliyonse. Ndalama ndi euro mbali zonse, Estonia inayamba kugwiritsa ntchito euro mu 2011, ndipo nthawi ndi imodzimodzi, palibe zosintha wotchi. Khadi la kubanki limagwira pafupifupi paliponse, ife ndalama ya pepala sitinaigwire n'komwe tsiku lonse.

Makampani oyenda njirayi alipo atatu, Tallink, Viking Line ndi Eckerö Line. Sitima za Tallink, Megastar yomwe inayamba ntchito mu 2017 ndi MyStar ya 2022, zimayendera gasi wa LNG, iliyonse imanyamula anthu 2,800 ndipo zimawoloka pa maola awiri. Za makampani enawo zimaonjezera mphindi zingapo, Viking XPRS imafika maola awiri ndi theka. Chofunika kuonetsetsa ndi doko lonyamukira, pakuti Helsinki ili ndi madoko angapo ndipo sali pafupi. Tallink ndi Eckerö amanyamukira ku Länsiterminaali 2 ku Jätkäsaari, kumene tramu (sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni) nambala 7 ndi 9 zimakakutsitsani pakhomo penipeni, pomwe Viking ali ku Katajanokka mbali ina ya tauni. Tinaona banja lina likuthamangira taxi ndi ana ndi zikwama litazindikira kuti lafika doko lolakwika, ndiye werengani tikiti yanu bwinobwino usiku wake. Ife tinanyamukira ku Länsiterminaali 2 komweko.

Tikiti ndinagula pa intaneti. Sakani ija yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, amaitcha day cruise, imatsika mtengo kusiyana ndi kugula awiri padera, ndipo pakati pa sabata imatsikanso kuposa Lachisanu ndi Loweruka. Pogulapo amakunyengererani zambiri, eti onjezerani lounge, onjezerani kabini, onjezerani buffet, kenako mukamafika polipira mtengo wakwera kawiri. Kabini pa ulendo wa maola awiri masana sindikuona phindu lake pokhapokha muli ndi khanda kapena odwala. Buffet ija tinalipira popita chifukwa tinadzuka mbandakucha osadya kanthu, chakudya chinali chambiri inde, mazira, buledi wamitundumitundu, phala, nsomba, zipatso, khofi womwa mmene ungathere, koma mzere wake unali wautali moti pomwe timakhala pansi theka la ola linali litapita, ndiye umadya mothamanga ngati wina akulanda mbale. Ulendo wina ndidzangonyamula masangweji ndikugula khofi yekha.

Kukwera kwake n'kosavuta. QR code pafoni, mumaiwonetsa pageti, geti limatseguka, mwalowa. Fikani nthawi ilipo chifukwa check-in amatseka sitima isananyamuke ndipo akatseka atseka, palibe zoti abwana tithandizeni. Chomwe sindinakonde ndi khonde lochokera pa terminal kukafika pakhomo la sitima, lalitali zedi, mumayenda, kukhota, kukwera, kuyendanso, anthu akukankhana ndi masutukesi. Achemwali anaima pakati n'kundifunsa, “Achimwene, kodi ku Estonia kuja tikupita wapansi?” Ngati muli ndi agogo kapena wina wovutika miyendo uzani ogwira ntchito pa terminal musanayambe kuyenda.

Achemwali sitima yomwe ankaidziwa ndi Ilala, anakwerapo kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, ndiye anabwera atakonzeka ndi chitenje chofunda, mandimu a nseru ndi mapemphero. Atalowa anangoti kukamwa yasa. Masitepe oyenda okha, malifiti, shopu yaikulu ya mafuta onunkhira, chokoleti ndi zovala, malo osewerera ana, mabala, ndipo pansi pake pali magalimoto ndi mathiraki odzaza. Sitima inayamba kuyenda ife osamva, tinangoona pawindo kuti nyumba zikutsalira. Tsiku limenelo nyanja inali bata, mandimu aja anabwerera osasenda. Kukakhala mphepo yamphamvu, makamaka nyengo yozizira, imagwedezeka ndithu ndiye ofooka m'mimba khalani pakati pa sitima osati kutsogolo.

Mipando ya pawindo imatha msanga, anthu ozolowera amadziwa kolowera ndipo amathamangira komweko n'kuyala majekete pa mipando inayi munthu mmodzi. Ife tinapeza pokhala titazungulira kawiri. Masoketi otchajira foni alipo koma ochepa, wifi yaulere ilipo koma pakati panyanja imakoka miyendo. Amene muli ndi SIM ya ku Finland imagwira ku Estonia popanda vuto malinga ndi malamulo a roaming a EU, koma ya kumudzi zimitsani data musananyamuke, mungalire. Tulukaniko panja pamwamba ngakhale mphindi khumi, potuluka mu Helsinki mumadutsa tizilumba ta miyala tokhala ndi mitengo ya paini, ndipo poyandikira Tallinn mumayamba kuona nsonga ya tchalitchi cha Oleviste ndi madenga ofiira a tauni yakale. Jekete nyamulani olo kukhale July, mphepo yapamwamba paja imalowa m'mafupa.

Kufika ku Tallinn, ubwino wake doko lili pafupi ndi tauni, kuyenda wapansi mphindi 15 kapena 20 mwalowa kale mu Old Town. Taxi siyofunika. Tinalowera mbali ya Paks Margareeta, nsanja yonenepa ija yomwe pano muli myuziyamu ya zapanyanja, ndipo pafupi pake pali chikumbutso cha sitima ya Estonia yomwe inamira pa 28 September 1994 ikuchokera ku Tallinn kupita ku Stockholm, anthu 852 anafa. Achemwali nkhaniyi ndinawauza titaponda kale pamtunda, ndikanayamba nayo m'mawa sakanakwera.

Kuchoka apo mumangotsata msewu wa Pikk mpaka pa Raekoja plats, bwalo lalikulu la pakati. Tauni yakaleyi UNESCO inaiyika pa mndandanda wake mu 1997 ndipo mukaiona mumvetsa chifukwa chake, mpanda ndi nsanja zambiri zikadalipo, tinjira tothina, nyumba za amalonda akale a mgwirizano wamalonda wa Hansa zokhala ndi mbedza pamwamba zokwezera katundu. Holo ya khonsolo pabwalopo inamalizidwa mu 1404. Pakona pali Raeapteek, sitolo ya mankhwala yomwe ikugwira ntchito kuyambira 1422 kapenanso kale kuposa apo, ndipo mpaka lero mutha kugulamo mankhwala a mutu. Kuchipinda kwake anaikako zomwe ankagulitsa kalekale, zitsamba ndi tinyama touma m'mabotolo. Achemwali anayang'anitsitsa, kenako n'kundinong'oneza, “Ndiye awa amatiseka za asing'anga bwanji?” Ndinaseka mpaka anthu kutembenuka.

Nsapato, nsapato, nsapato. Misewu yonse ndi ya miyala yobulungira yosalingana, ndipo kukwera ku Toompea, mbali yakumtunda ya tauni yakaleyi, kudzera msewu wa Pikk jalg ndi chitunda. Achemwali anavala nsapato zawo za kutchalitchi kuti zithunzi zituluke bwino, pofika masana anali akutsimphina, tinachita kuwagulira mapulasitala. Koma kukwerako musakusiye. Pamwamba pali tchalitchi cha Alexander Nevsky cha ma Orthodox cha 1900, chomangidwa nthawi yomwe Estonia inali pansi pa mfumu ya Russia, chikuyang'anizana ndi nyumba ya pinki momwe mumakumana Riigikogu, nyumba ya malamulo yawo. Mukapita pa Kohtuotsa, malo oonera, mumaona tauni yonse pansi, doko, ndi sitima zomwe zikudikira. Apa ndi paulere, kungoti muyenera kupirira kuti mupeze mpata wojambula chifukwa magulu a alendo amafika motsatizana ndi owatsogolera atanyamula timbendera.

Pa nkhani ya chakudya ndiyankhula mosabisa, malo odyera a pabwalo lalikulu paja mitengo yake ndi ya alendo, siyosiyana kwenikweni ndi ya ku Helsinki, ndiye mawu aja akuti ku Tallinn zonse n'zotchipa ndi akalekale. Tsikirani kuseri kwa siteshoni ya sitima zapamtunda ku Balti Jaama Turg, msika wokhala ndi masamba, nsomba zowamba, zovala za kaunjika pamwamba, ndi timalo todyera tambiri. Kumeneko tinadya mokhuta pa ndalama yoti pabwalo paja ikanangokwana munthu mmodzi. Lawani buledi wawo wakuda, ndi wowawasa pang'ono, ine ndimamukonda, achemwali anati akumveka ngati wagonera. Telliskivi ili pafupi pomwepo, mafakitale akale omwe anawasandutsa malo a khofi ndi zojambula pamakoma, pabwino popumulira miyendo. Pobwerera mu Old Town tinamwa tiyi ku Maiasmokk pa msewu wa Pikk, malo omwe alipo kuyambira 1864, ndipo tinagula chokoleti cha Kalev chopita nacho kwa ana kumudzi.

Tsiku limodzi limakwana Old Town ndi msika, basi. Ndinali ndi maganizo oti tikafikenso ku myuziyamu ya Lennusadam kukaona sitima ya pansi pamadzi ya Lembit, komanso ku Kadriorg kunyumba yachifumu yomwe Peter the Great, mfumu ya Russia, anayambitsa mu 1718, koma miyendo inakana ndipo nthawi inali itatha. Amene mukufuna zonsezo gonani usiku umodzi. Dziwaninso kuti matramu ndi mabasi aulere aja mumamva, omwe anayamba mu 2013, ndi a anthu olembetsedwa kuti amakhala mu Tallinn, mlendo amalipira.

Tsopano nyenyezi yomwe ndachotsa ija. Tinatenga sitima yausiku kuti tikhalitse, ndipo linali Loweruka. Mowa ku Finland ndi wodula chifukwa cha msonkho, komanso wamphamvu umagulitsidwa ku Alko kokha, sitolo ya boma, ndiye anthu ambiri amawolokera ku Estonia cholinga chenicheni chili chimenechi. Si tax free ayi, popeza maiko onse ali mu EU, kungoti msonkho wa ku Estonia ndi wotsikirapo. Ndiye pa terminal madzulo mumaona timangolo todzaza makatoni a mowa mpaka m'chifuwa, omangidwa ndi malamba, ena awiriawiri munthu mmodzi, ndipo khonde lalitali lija mumaliyenda mukuzemba mawilo. Ine anandiponda chala, pepani sanabwere. Musitimamo ambiri anali atayamba kale kumwa kuchokera masana, phokoso, karaoke ya mawu osweka, mipando yonse yodzaza moti tinakhala pansi pa kapeti pafupi ndi masitepe, ndipo zimbudzi zomwe m'mawa zinali zowala zinali zitasanduka zina, mapepala pansi, wina atasanza pa sinki, oyeretsa osaoneka kwa nthawi yaitali. Palibe anatichita chipongwe, zoona zake, anthu ake akaledzera amangofuna kucheza ndipo bambo wina anayesetsa kutifunsa komwe kuli Malawi mpaka kutsegula mapu pafoni. Koma achemwali ndi mayi a Mvano, anangofunda chitenje kumutu n'kutseka maso mpaka Helsinki. Kutsika nakonso ndi nkhondo, anthu masauzande kutuluka nthawi imodzi, tramu yoyamba sitinakwane, yachiwiri tinaimirira titapanikizana ndi makatoni omwewo.

Ndiye ngati mukupita ndi ana kapena makolo, sankhani Lachiwiri kapena Lachitatu, nyamukani ndi yoyamba kapena yachiwiri m'mawa, bwererani ndi ya kumadzulo dzuwa lisanalowe, yomaliza ija isiyireni eni ake. Mu June ndi July kumawala mpaka cha m'ma 10 usiku ndiye simutaya kanthu. Mu December pabwalo lija pamakhala msika wa Khirisimasi wokongola, koma 4 koloko masana isanakwane kumakhala kutada kale ndipo miyala ija ikagwira ayezi imaterera, ndiye pamenepo m'mawa kwambiri ndipofunika zedi ndipo nsapato zikhale za mphira wogwira.