HeaterMeter: pa moto imagwira bwino, koma Wi-Fi yake imafuna kuikonzekera

HeaterMeter ndi chipangizo chodzilumikizira wekha chomwe chimasunga kutentha kwa moto m'chowotchera nyama. Anachipanga ndi Bryan Mayland, ndipo mapulani a bolodi ndi pulogalamu yake zili poyera pa GitHub, tsamba logawirana mapulogalamu. Chinabadwira m'kawotchedwe ka ku America, komwe phewa la nkhumba kapena chidale cha ng'ombe chimakhala mu utsi maola khumi kapena kupitirira, pa moto wofatsa wa madigiri 107 mpaka 121 a Celsius. Si kanyenya wotembenuza kawiri n'kuphula ayi. Moto ukalusa pakati pa usiku nyama imauma, ukazilala imagona yosapsa. N'chifukwa chake eni zowotchera monga Weber Smokey Mountain, Big Green Egg ndi za mgolo wachitsulo amafuna chowalondera makala iwo akugona.

Pa ntchito imeneyi HeaterMeter ndi yodalirika, ndipo chinsinsi chake chili pa mmene anagawira ntchito. M'kati muli makompyuta awiri. Tchipu ya ATmega328 ndiyo imawerenga mapulobu (timitengo tachitsulo toyezera kutentha), n'kuwerengetsa mwa njira ya PID, yoyerekeza kutentha komwe kulipo ndi komwe mukufuna, kuti fani iuzire makala mwamphamvu bwanji. Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono yomwe imayendera OpenWrt (Linux ya marauta), imangosunga girafu, kutsegula tsamba loonera pa foni ndi kutumiza machenjezo. Kale ntchito ya Pi inkagwiridwa ndi rauta ya Linksys WRT54G, ndipo dzina loti LinkMeter lomwe mudzalione pa menyu linachokera kumeneko. Tanthauzo la kugawa ntchito kumeneku n'lakuti Wi-Fi ikaduka 2 koloko usiku, fani imapitirizabe kugwira moto pa madigiri omwe munaika. Chomwe mwataya ndi maso okha, osati nyama. Aliyense wopanga chipangizo chotere ndi ESP32 kapena tchipu ina atengerepo nzeru: kuwongolera moto kusadalire netiweki.

Koma kulumikiza Wi-Fi ndiye pomwe anthu ambiri amataya madzulo athunthu, ndipo zifukwa zake n'zodziwika.

Vuto limayambira pogula. Raspberry Pi zakale, monga B ndi B+, zilibe Wi-Fi yakeyake, zimafuna dongle, kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Yomwe inatchuka ndi Edimax EW-7811Un, ya tchipu ya Realtek RTL8188CUS. Pambuyo pake kunatuluka EW-7811Un V2, yofanana maonekedwe koma tchipu yake ndi ina, yofunanso draiva ina. OpenWrt ya HeaterMeter ndi yaing'ono, ili ndi madraiva owerengeka, ndiye dongle yomwe ikugwira bwino pa laputopu ikhoza kukhala chete pa Pi, osayatsa ngakhale kanyale. Pogula dongle muyang'ane dzina la tchipu, osati la pa bokosi. Malangizo abwino kuposa pamenepo ndi kuisiyiratu dongle. Pi 3 Model B ya 2016, Pi Zero W ya 2017 ndi Pi 3 A+ ya 2018 zili ndi Wi-Fi pa bolodi pomwepo, ndipo zimachotsa theka la mavuto. Zero W imabwera yopanda mapini, muyenera kuwasolda nokha kapena kugula ya WH yomwe ali kale. Ngati mukufuna Pi yatsopano kuposa izi, yambani mwaona ngati ilipo pa mndandanda wa pa heatermeter.com/dl musanatulutse ndalama.

Pali njira ziwiri zouzira chipangizochi dzina ndi pasiwedi ya netiweki yanu, ndipo sizifanana ubwino. Yabwino ndi youziratu chisanayake koyamba. Lembani pulogalamu ya HeaterMeter pa khadi ya microSD ndi balenaEtcher kapena Win32DiskImager. Windows ikakufunsani kuti ifomate gawo lina la khadiyo, kanani, chifukwa ndi momwe muli Linux. Tsegulani gawo lomwe likuoneka, pezani fayilo ya config.txt, ndipo chakumapeto kwake muli mizere ya Wi-Fi yoyamba ndi chizindikiro cha #. Chotsani chizindikirocho, mulembe motere:

wifi_ssid=DzinaLaNetiweki
wifi_password=pasiwedi
wifi_encryption=psk2
wifi_mode=sta

Mawu a sta akhale a zilembo zazing'ono. Dzina la netiweki lilembedwe ndendende mmene lilili pa rauta, chifukwa kwa Linux "Nyumba" ndi "nyumba" ndi maina awiri osiyana. Onaninso kuti simunasiye mpata kumapeto kwa mzere, popeza sumaoneka ndi maso koma ukhoza kuwerengedwa ngati mbali ya pasiwedi. Tsamba lokoperapo pulogalamu, la heatermeter.com/dl lija, limalolanso kulemba zonsezi musanakope, fayilo n'kubwera yodzazidwa kale. Imeneyi ndi mbali imene anaiganizira bwino kwambiri.

Njira yachiwiri ndi yomwe ambiri amagweramo chifukwa ndi imene chipangizo chimayambira mukapanda kuchiuza kanthu. Chimatsegula netiweki yakeyake ya dzina loti heatermeter. Mumalumikiza foni kumeneko, n'kulemba 192.168.201.1 pa burauza, kuika pasiwedi ya root (akaunti yoyang'anira chipangizo), kenaka kupita ku Network, Wifi, kusaka netiweki ya kunyumba n'kulowa. Zikumveka zophweka, koma pali misampha iwiri. Foni ikaona kuti netiweki ya heatermeter ilibe intaneti imabwerera yokha ku data ya m'manja mwakachetechete, tsamba n'kukana kutseguka. Zimitsani data kaye, kapena gwiritsani ntchito laputopu. Msampha wachiwiri ndi wopweteka: mukangosunga zosinthazo, netiweki ya heatermeter imazimirira chifukwa wayilesi yake yapita kukalowa ku rauta. Ngati munalakwitsa chilembo chimodzi pa pasiwedi, chipangizo sichioneka kuno, sichionekanso uko. Musalembenso khadi yonse. Zimitsani, tulutsani khadi, konzani config.txt pa kompyuta, mubwezere. Ngati Pi yanu ili ndi polowetsa Ethernet, nthambo yochokera ku rauta imakubwezeraninso m'kati.

Pa nkhani ya nthambo pali chenjezo lofunika kulinena mobwereza. Pa bolodi ya HeaterMeter pali soketi ya RJ45 yofanana ndendende ndi ya netiweki, koma si ya netiweki. Imeneyo imatumiza 12V ku fani ndi 5V ku servo, kamota kotsegula ndi kutseka mpweya. Kuilumikiza ku rauta kukhoza kuwononga zipangizo. Anasankha soketi imeneyi chifukwa nthambo zake n'zotchipa ndipo zimapezeka paliponse, zomwe n'zomveka, komabe n'kosavuta kusokoneza. Matani kapepala pamenepo mulembe kuti FANI.

Nthawi zina zonse mwalemba bwino koma rauta ndiyo ikukana. Pi 3 B, Zero W ndi dongle za Edimax zija zimamva 2.4 GHz yokha. Marauta atsopano amaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi, ena amabwera ataikidwa pa chitetezo cha WPA3, ndipo madraiva akale salimba nazo zimenezi. Patsani 2.4 GHz dzina lakelake, chitetezo muike WPA2-PSK ya AES. Ngakhale Pi yanu itakhala yomva 5 GHz, 2.4 ndi imene imabowola makoma n'kufika kuseri kwa nyumba komwe kuli chowotchera. Tchanelo nacho chili ndi nkhani. Ku America tchanelo za 2.4 GHz zimathera pa 11, pomwe ku Britain, ku South Africa ndi mayiko ena ambiri rauta imaloledwa kukwera pa 12 ndi 13. Rauta ikadzisankhira 13 pamene Pi ikutsata malamulo a ku America, netiweki yanu sioneka n'komwe posaka. Choipa n'chakuti rauta yosiyidwa pa Auto imasintha tchanelo magetsi akathima n'kubwera, ndiye chipangizo chogwira bwino lero chimasowa mawa popanda amene wachikhudza. Khomerani rauta pa 1, 6 kapena 11, ndipo muike dziko lolondola pa zosankha za Wi-Fi mu OpenWrt. Musaike HeaterMeter pa netiweki ya alendo, chifukwa kumeneko rauta imaletsa zipangizo kuonana ndipo foni yanu sidzaipeza.

Ikalumikizika, kasikirini kake ka mizere iwiri kamaonetsa adilesi ya IP. Mukaphonya, tsegulani heatermeter.com/devices muli pa netiweki yomweyo, idzakuonetsani. Mukatero pitani pa rauta mukamangirire adilesiyo ku MAC ya Pi, nambala yoizindikiritsa pa netiweki, kuti isamasinthesinthe.

Wi-Fi yomangoduka fani ikayamba kuzungulira kawirikawiri si vuto la Wi-Fi, ndi la magetsi. Chipangizo chonse chimadya pa adaputa imodzi ya 12V, ndipo 5V ya Pi ndi servo imachokera pa regyuleta ya OKI-78SR-5 yomwe malire ake ndi 1.5A. Adaputa yofooka imagwa mphamvu fani ikadzuka ndi servo ikasuntha nthawi imodzi, ndipo choyamba kukomoka ndi wayilesi. Adaputa ya 1A imakwanira fani yaing'ono, koma ya 2A imapatsa mpata wabwino, makamaka ngati servo ikulimbana ndi chitseko cha mpweya chomata mafuta. Mtunda ndi chinthu china. Pa tsamba la Wifi muli nambala ya mphamvu ya siginolo: kuyandikira -65 dBm zili bwino, kufika -80 dBm girafu iyamba kudukaduka. Yesani izi chipangizo chili pamalo pomwe chidzakhale, osati pa tebulo pafupi ndi rauta. Thupi la chowotchera ndi chitsulo kapena dongo lochindikala, ndiye bokosi la HeaterMeter likhale mbali yoyang'ana kunyumba, lokwezedwa pang'ono, ndipo lisakhale lachitsulo. Likhalenso patali ndi moto, chifukwa mabokosi osindikiza ndi pulasitiki ya PLA amafewa akangofika madigiri 60.

Kuona kutentha muli kutali ndi nyumba ndi komwe HeaterMeter imatsalira poiyerekeza ndi zogula zopangiratu monga FireBoard, zomwe zimadutsa pa seva ya kampani popanda inu kukhudza rauta. Apa muyenera kudzitsegulira njira nokha. Ambiri amatsegula poti, khomo lolowera kuchokera pa intaneti, pa rauta kuloza ku Pi. Zimagwira, koma ndiye kuti mwaika pa intaneti chipangizo choyang'anira moto, cha pulogalamu yosakonzedwa pafupipafupi. Ngati mwasankha kutero, pasiwedi ya root ikhale yaitali ndipo mutsekenso potiyo mukaphula nyama. Njira yotetezeka ndi VPN, kanjira kachinsinsi kolowera pa netiweki ya kunyumba, monga WireGuard pa rauta. Amene intaneti yawo ndi ya SIM khadi, pa MiFi kapena rauta ya 4G, adziwiretu kuti makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ochuluka adilesi imodzi, zomwe zimatchedwa CGNAT, ndiye kutsegula poti sikuthandiza chilichonse. Pamenepo chimagwira ndi VPN ya Tailscale yoikidwa pa kompyuta ina ya m'nyumba yomwe imakhala yoyaka. Machenjezo a imelo alibe vuto limeneli popeza amachita kutuluka. Ikani awiri, la moto ukatsika kwambiri ndi la nyama ikafika madigiri 93 mpaka 95 ngati ndi phewa la nkhumba, ndipo muwayese masana pogwira pulobu m'madzi otentha musanawadalire usiku.

HeaterMeter ndi yoyenera munthu wodziwa kusolda amene saopa kulowa mu rauta. Kwa iyeyo imapereka zambiri: mapulobu anayi, thermocouple ya mtundu wa K, pulobu yopirira moto waukulu, girafu yomveka, popanda akaunti kapena ndalama ya pamwezi, ndipo imagwira ngakhale kutchire kopanda intaneti mukaiika pa wifi_mode=ap kuti itsegule netiweki yakeyake. Amene akufuna kungojambula QR kodi ndi foni n'kuyamba kuwotcha agule chopangiratu, chifukwa menyu za OpenWrt anazipangira oyendetsa netiweki, osati ophika. Ogula lero atenge Pi Zero WH kapena 3 A+, adaputa ya 12V 2A, ndipo alembe config.txt asanalowetse khadi koyamba.