Dracula kapena Frankenstein, uyambe ndi buku liti?

Pa mabuku awiri akale oopsawa zimangotengera kuti ukufuna mantha amtundu wanji.

Dracula la Bram Stoker linatuluka mu 1897, nkhani yake imayenda kudzera m'makalata ndi madayale a anthu osiyanasiyana. Koyambirira kuja Jonathan Harker, loya wachinyamata wa ku England, atatsekeredwa m'chinyumba cha Count Dracula ku Transylvania, eee pamenepo ndiye thupi limachita tsemwe zenizeni, koma chapakati limakoka, azibambo kumangokhalira misonkhano. Mdani wake ndi woipa basi, wopopa magazi, palibe zomumvera chisoni. Mafilimu ambiri a mavampaya timaonerawa muzu wake ndi umenewu.

Frankenstein ndi nkhani ina. Mary Shelley anayamba kulilemba mu 1816 ali ndi zaka 18 zokha m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, buku nkutuluka mu 1818. Ndiye pajatu Frankenstein si dzina la chilombo chija ayi, ndi Victor, mnyamata wa sayansi amene anachipanga ku Ingolstadt ku Germany kenako nkuchithawa ataona kunyansa kwake. Chilombocho ngakhale dzina chilibe, chimaphunzira kulankhula chili chobisala, chimangofuna wochikonda koma aliyense akuchithamangitsa, mpaka umayamba kudzifunsa kuti kodi woipa weniweni ndi ndani apa. Ambiri amati science fiction, nkhani zopeka za sayansi, inayambira pomwepa.

Ine wanga ndi Frankenstein, ndi lalifupinso. Koma machaputala anayi oyambirira a Dracula aja, kawerengeni usiku magetsi atathima.