Kawailesi ka sola koika Baibulo lomvetsera: kabwino ndithu koma musangogula n'kukawasiyira agogo

Amene mukuganiza zogulira makolo anu kawailesi kaja kolowa memory card kuti azimvera Baibulo, tamverani kaye musanatulutse ndalama. Ine ndinagula kamodzi pa shopu ina pa boma pano pa Nkhotakota ndipo amayi anga kakuwathandiza zedi, koma zoti ungotsegula basi zonse zili mmalo ngati mmene wogulitsa ananenera, ayi ndithu, pali kantchito koti ugwire kaye.

Kawailesi kake kamakwana mdzanja limodzi. Kumsana kuli kapanelo ka sola, chakumutu kuli tochi, kenako ka eriyo ka FM, polowa memory card ndi polowa flash. Mayina olembedwa pamwamba ndi ambirimbiri koma mukatiyang'anitsitsa timafanana tonse. Chomwe muyang'ane inu ndi mabatani. Tina timakhala ndi mabatani anayi okha, play, next ndi voliyumu, timeneto tisiyeni ngakhale titchipe bwanji. Tengani kokhala ndi mabatani a manambala kuyambira 0 mpaka 9 komanso kasikirini koonetsa nambala, chifukwa popanda zimenezi kuti mufike pa Yakobo mudzadina next mpaka chala kuchita dzanzi.

Amayi maso anayamba kuvuta, Buku Lopatulika lawo lija la zilembo zing'onozing'ono amangolinyamula popita ku Chigwirizano koma kuwerenga kunali kutakanika. Foni ya touch anaikana kalekale, akuti imangothawathawa akaikhudza, ndiponso nkhani ya bandulo mukuidziwa. Nde kawailesi kanali njira yokhayo.

Vuto loyamba linachokera pa memory card. Wailesi amagulitsa yopanda kanthu, khadi umakaikitsa wekha kwa anyamata a pa burning centre aja amaika nyimbo ndi mafilimu. Mnyamata wake anangokopera mafayilo mmene analili, ndiye kawailesi kamawerenga mosokoneza, uku Aroma, uku Chivumbulutso, kenako Mateyu akubwera pakatikati, mwinanso pamapeto anaponyapo nyimbo za kwaya ngati basela zomwe palibe anamupempha. Munthu wamkulu amene akudziwa kuti pambuyo pa Luka pamabwera Yohane zimenezi zimamukwiyitsa. Mphwanga ndi amene anakonza pa laputopu, anafufuta zonse n'kuyambanso, fayilo iliyonse kuipatsa nambala kutsogolo, 001, 002 mpaka kumapeto, n'kuzikopera motsatana. Tinaika Chipangano Chatsopano chonse chomwe chili ndi mitu 260, kenako Masalmo 150, kenako Miyambo 31, zonse pamodzi 441.

Manambala ake ndikupatsani kuti musavutike kuwerengera. Mateyu akuyambira pa 1, Marko pa 29, Luka pa 45, Yohane pa 69, Machitidwe pa 90, Aroma pa 118, Ahebri pa 205, Yakobo pa 218, Chivumbulutso pa 239. Salmo lililonse mungowonjezera 260, ndiye Salmo 23 ndi 283. Miyambo mungowonjezera 410. Ife tinalemba ndi maka yakuda zilembo zikuluzikulu pa kachidutswa ka katoni n'kumangirira ku chingwe cha wailesi, amayi amatha kuona akachotsa patali pang'ono, ndipo ena aja amawakonda anawaloweza kale.

Funsaninso kuti ndi Baibulo liti akukuikirani chifukwa anyamatawa kwa iwo lonse ndi limodzi. Pali Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene anatsogolera William Murray ku Mvera ndi ku Nkhoma, ndiye lomwe anakulira nalo anthu ambiri a CCAP ndi mipingo ina. Pali Buku Loyera la 1998 lomwe anamasulira limodzi Akatolika ndi mipingo ina kudzera ku Bible Society of Malawi, Chichewa chake ndi chapafupi. Palinso lija la Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Kwa munthu wachikulire ine ndinganene kuti muikireni lomwe analoweza ali ku kalasi, amayi wailesi ikamawerenga Yohane 14 iwo amakhala akumalizitsa okha mavesi ili mkati moyankhula, ndipo mukawaikira lina amangoti izi si zimenezo. Adzukulu koma amamva msanga Buku Loyera. Ngati thumba likulola, makhadi awiri.

Kujambulanso kumasiyana. Kwina amawerenga munthu mmodzi mofatsa, kwina anachita ngati sewero, mawu a anthu osiyanasiyana, kanyimbo chapansipansi, mafunde ndi mphepo. Za sewerozo ana amazikonda koma pa kasipika kakang'ono aka zimangophokosera, pa Marko 4 paja namondwe anawuka panyanja mafunde ake amamiza mawu a Yesu amene, munthu wa makutu otopa samva kanthu. Wa mawu amodzi ndiye bola.

Tsopano nkhani yeniyeni imene yandilembetsa. Kawailesi aka ndi kosavuta kukasandutsa phokoso la pakhomo. Poyamba amayi amakatsegula mmawa n'kukakoleka pa mtengo wa mango, kazilankhula kokha iwo akusenda chinangwa, akupita ku mjigo, akubwera, kakadali kulankhula, pofika masana kadutsa Mateyu yense kalowa Marko. Ukawafunsa kuti lero mwamva zotani amati zambiri mwana wanga, zabwino zokhazokha. Koma kutchula chimodzi osatheka. Mawu ochuluka chonchi sakhala mmutu, amangodutsa mmene zimadutsira nkhani za maliro ndi malonda pa wailesi wamba.

Zinasintha atayamba mutu umodzi basi, n'kudina pause. Mmawa asanapite ku msika amamvera Miyambo ya tsikulo, poti mitu ilipo 31 ndiye pa 5 mwezi amadina 415, pa 20 amadina 430, sipafunika kukumbukira pomwe unalekeza dzulo. Madzulo tikatha kudya kondowole amamvera mutu umodzi wa Chipangano Chatsopano ndi ana onse pa mkeka kenako aliyense anene chomwe wamva, ngakhale kamodzi kokha. Mukamatero Lolemba mpaka Lachisanu, masabata 52 kuchulukitsa ndi 5 ndi 260 ndendende, Chipangano Chatsopano chatha m'chaka popanda kuthamanga.

Amayi amagulitsa mpunga wa pa mbale. Amene munachitako bizinesi imeneyi mukudziwa kuti ambiri amakhala ndi mbale ziwiri, yogulira kwa alimi imakhala yakuya bwino, yogulitsira anaigogoda pansi ndi mwala kuti ilowe mkati pang'ono, ukaiona pamwamba ngati n'chimodzimodzi. Palibe amaiona ngati kuba, amati ndi pomwe pali phindu. Ndiye Miyambo nkhani ya miyeso yonyenga siisiya, ili pa mutu 11 vesi loyamba lenileni, pa 16 ikunena kuti miyeso yolungama ndi ya Mulungu, kenako pa 20 ikubwera kawiri ndipo pamenepo ikuchita kutchula za miyeso iwiri yosiyana kuti Mulungu amanyansidwa nayo. Kutanthauza kuti mwezi uliwonse pa 11, pa 16 ndi pa 20 kawailesi kamawauza zomwezo atanyamula kale dengu. Mwezi woyamba anangoti aaa aliyense amatero, ukapanda kutero ana adya chiyani. Mwezi wotsatira anakhala chete. Kenako tsiku lina ndinangoona mbale yogogoda ija akumwera nkhuku. Anakweza mtengo pang'ono poyera kuti asaluze, makasitomala ena anathawa kupita kwa oyandikana nawo poti kumeneko mbale ikumveka yotchipa, ena amene amayeza akafika kunyumba anabwerera. Sindikunena kuti analemera, ayi, phindu lili pomwe linali mwinanso kutsikako masiku ena. Ndikungonena kuti vesi limeneli analimva mu tchalitchi zaka zonsezi koma silinafikepo pa dengu, linafika chifukwa cholimva lokha, mobwereza, pa nthawi yomwe mbale ili mmanja.

Koma kali ndi kachiyeso kake kawailesi aka, museke koma ndi zoona. Malume ena apafupi amalemba aganyu okolola mpunga ndiye amakonda kuwazengereza malipiro, bwera mawa, bwera Loweruka. Amayi atapeza kuti Yakobo 5 ikunena za malipiro a antchito okolola omwe abwana awabisa, anayamba kudina 222 n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto, sipika italoza ku mpanda wa malumewo kkkk. Zimenezo ine sindinagwirizane nazo ndipo ndinawauza kuti amayi, ngati pali nkhani pitani mukakambe nawo achimwene anuwo pamaso, Mateyu 18 yomwe mumamvera ija imanena zoyamba kupita kwa mbale wako muli awiri. Anaseka koma voliyumu inatsika. Kuno tikukhalanso ndi abale athu achisilamu khomo ndi khomo, timamwa mjigo umodzi, pa maliro timakhala limodzi, sizifunika kuti Baibulo lizimveka ngati ukuyambana ndi munthu.

Anyamata a ku gombe nawonso anakakonda. Nthawi ya mwera poti kunyanja sikulowedwa amakhala akusoka makoka, mlamu wanga anabwereka n'kuwatsegulira 49, Luka 5, paja Simoni anagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Mkangano unabuka woti munthu wodziwa nyanja angavomere bwanji kuponyanso khoka dzuwa litatuluka atauzidwa ndi mmisiri wa matabwa. Anakambirana mpaka batire kutha.

Zolakwika zake zilipo ndipo zina ndi zowawa. Chachikulu, kamadziwa mutu koma vesi sikadziwa. Amene mumatsata Mlozo kapena timabuku tina ta mawu a tsiku ndi tsiku mukudziwa kuti nthawi zambiri amakupatsa mavesi ochepa pakati pa mutu, nde apa uyenera kumvera kuyambira vesi 1 kapena kukanikiza batani la next osalisiya kuti kathamange, ukangoligunda pang'ono kalumpha mutu wonse uyambirenso. Yesani kufuna vesi 105 mu Salmo 119 lomwe lili ndi mavesi 176 muone mmene mtima umakwerera. Ndipo kukatsegula ukazimitsa nthawi zina kamakumbukira pomwe unali, nthawi zina kamabwerera kwa Abrahamu anabala Isake, makamaka batire likagwedezeka.

Sola yake ndi ya dzina chabe. Kapanelo ndi kakang'ono kwambiri, kuyanika tsiku lonse kumangokupatsa kanthawi kochepa, ndipo ndi dzuwa la kuno la mu Okutobala pulasitiki imafewa batire n'kutupa. Musamakayanike pa mchenga kapena pa malata. Tchajani ndi chingwe cha USB pa sola ya mnyumba kapena ku barbershop, kakadzadza kamatha masiku ndithu ngati mukumvera mutu umodzi kapena iwiri. Tochi ndi imene imadya moto, ana akaizolowera popita kuchimbudzi usiku mmawa mupeza kali zii. Ubwino wake batire ndi lochotseka, lathu ndi lija la ma Nokia akale lolembedwa BL-5C, limapezeka pa msika paliponse, ndiye gulani lachiwiri. Sipika ukakweza kwambiri imanjenjemera. Pa khadi matani selotepi, apo ayi adzukulu achotsa n'kuikamo nyimbo zawo, khadi lenileni n'kugwera mu mchenga osapezekanso.

Komanso kasakunamizeni kuti buku latha ntchito. Khutu limagwira bwino nkhani, Marko, Luka, Machitidwe, ndi malangizo afupiafupi ngati a Yakobo ndi Miyambo. Koma makalata a Paulo ngati Aroma, chiganizo chimodzi chimatalika mpaka pofika kumapeto waiwala poyambira, ndipo sungabweze maso mmwamba kapena kudula mzere ndi pensulo. Pamenepo ife timachita kuti mdzukulu atsegule buku azitsata ndi chala wailesi ikuwerenga, agogo akati imika pamenepo, iye awerengenso vesilo pang'onopang'ono. Kuwerenga kwa mwanayo kwapita patsogolo ndi zimenezi, aphunzitsi ake anachita kufunsa. Chivumbulutso tinachisiya kaye mpaka tipeze mkulu wa mpingo woti tizimufunsa, poti ana anayamba kulota zilombo.

Amene mukufuna Baibulo lonse, mitu ilipo 1,189 ndipo itatu kapena inayi patsiku imakufikitsani kumapeto m'chaka, koma yesani kaye ngati kawailesi kanu kakulola kudina manambala anayi. Pitani ku shopu khadi lili kale mthumba, mulowetse pomwepo wogulitsa akuona, dinani 283 mumve ngati kakupita pa Salmo 23, gwedezani pang'ono muone ngati sikazima, yesaninso polowa tchaja. Risiti ambiri sapereka ndipo mukangotuluka pakhomo kobweza kulibe, nde zonsezi muchitire mkati momo.